Mathero Amene Bambo Anga Anasuta

Manyazi ena munthu umapita nawo kumanda, koma angawa afalikira kale msika wonse wa Milange, mpaka onyamula katundu a pamalire amandiloza ndikamadutsa. Ndiye bola ndikuuzeni ndekha musanamve kwa anthu othira mchere.

Ine ndine Ernesto, telala. Ndinakulira kukampu ya othawa nkhondo, tsidya lija la mtsinje wa Ruo, ku Malawi, ndipo chuma changa kumeneko chinali chimodzi: kabuku kopanda chikuto kamene ndinatola kuseri kwa sukulu. Kankasimba za Malizani, mnyamata amene anakwera kumwamba pa chingwe cha mvula, iye ndi mbuzi yake yoyankhula, kukalanditsa mtsikana kwa chimphona cha diso limodzi. Ndinkakakonda kuposa tsiku logawa ufa.

Nditatsala pang'ono kumaliza, malungo anandigwetsa sabata yathunthu. Pochira ndinapeza buku laonda. Bambo anga anali atang'amba masamba onse akumapeto n'kukulungira fodya wawo wa chingambwe! Tsamba lotsala linkathera poti Malizani wakweza mkondo, chimphona chatsegula diso, "ndipo mwadzidzidzi". Basi! Mwadzidzidzi chiyani? Pobwerera kuno nkhondo itatha bukulo linasowa, koma funsolo linandikhala pamtima zaka zoposa makumi atatu.

Chaka chatha ndinagula mandasi awiri kwa mai Firimina, mayi wamasiye amene amagulitsa pakhomo la msika. Kuno mandasi amakulungidwa m'pepala lililonse limene lapezeka, kaya nyuzipepala, kaya mayeso akale a ana asukulu. Ndikupukuta mafuta m'manja, diso linagwa pa pepalalo: "Mbuzi inati kwa Malizani, gwiritsa chingwe, usayang'ane pansi!"

Ndinatsamwa. Ndinathamangira kwa mai aja ndasi lili kukhosi.

"Mai, pepala ili mwalitenga kuti?"

"Epa, senhor Ernesto, lalakwa chiyani? Ndimagula mapepala akale pa thumba ku Muloza, tsidya la Malawi. Ndimang'amba ochepa m'mawa uliwonse, ena ali kunyumba."

Munthu wanzeru akanangonena kuti ndigulitseni bukulo, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ine bambo wa ana anayi, mlembi wa mpingo, imvi zayamba kale, ndinene pagulu kuti ndikufuna nkhani ya mbuzi yoyankhula? Ndinasankha pulani yachinsinsi, ndipo ndi imene inandigwetsa m'mavuto.

Ndinayamba kugula mandasi katatu patsiku.

"Kulungani limodzilimodzi, mai."

"Onse asanu? Pepala limodzi likwana."

"Limodzilimodzi, chonde. Ayi, osati la nyuzipepalalo. Lapansilo!"

Zonsezi ndinkanong'ona, nditawerama, uku ndikucheukacheuka. Mandasiwo ndinkagawira onyamula katundu, ine n'kutsala ndi mapepala. Kukhonde kumene ndimasokera ndinkawasita ndi simbi ya makala, moti kasitomala wina anabweza suti ya ukwati ati ikununkha mandasi. Tsiku lina ndinathamangitsa munthu wa njinga mpaka kumasitolo kuti andipatse pepala limene anali atapukutira kale kukamwa. Poona kuti mafuta akufufuta zilembo, ndinayamba kukopera nkhaniyo m'kope langa la miyezo ya makasitomala.

Mai Firimina ankang'amba kuyambira kutsogolo, ndiye nkhani inkayenda pang'onopang'ono kulinga kumathero. Koma masamba ena ankapita ndi anthu achilendo. Nanga lomaliza likapita ndi munthu wa ku Malawi? Mtima unalephera kupirira.

"Mai Firimina," ndinanong'ona, "ndingabwere kunyumba kwanu Loweruka? Koma mai a Rosita asadziwe."

Mai a Rosita ndi mkazi wanga Lusiya, ndipo ndinkaopa kuti andiseka basi. Mai Firimina anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kunsapato, n'kuvindikira beseni lawo. Mayi wogulitsa tomato pafupi nawo anasiya kasitomala ali chiimire, n'kunyamuka liwiro la mtondo wadooka. Sanapite kutchalitchi ameneyo.

Pofika kunyumba ndinapeza makina anga osokera akale ali panja, pamwamba pake pali chikwama cha zovala zanga. Nyumba yathu ili pamalo a kwawo kwa Lusiya, ndiye tanthauzo lake sindinachite kufunsa. Mwiniwake anali pakhomo, kope langa la miyezo lili m'manja.

"Bambo a Rosita, dzanja ili ndi la ndani?"

"Langa."

"Pronto. Mvetserani." Anatsegula n'kuwerenga mokweza kuti oyandikana nafe asavutike kutchera khutu. "Usalire, ndikubwera kudzakutenga. Chimphona chimene chaima pakati pathu ndithana nacho chikangogona."

"Mai a Rosita, amenewo ndi mawu a Malizani!"

"Malizani ndi dzina limene amakutchulani a mandasiwo? Ndipo chimphonacho ndine? Ana anayi ndakuberekerani, lero ndasanduka wa diso limodzi?"

"Ndi buku, ndithu! Muli mbuzi yoyankhula!"

"Mbuzi yoyankhula ndikuiona. Yavala malaya a bambo a Rosita."

Ndinagona masiku atatu kukhonde langa la kumsika, pamwamba pa nsalu za anthu. Kunena zoona ndinali ndi mantha. Banja la zaka makumi awiri linali kutha chifukwa cha mapepala a mafuta.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mango kwathu. Kumbali ya Lusiya kunali achimwene ake, a Bonifasiyo. Kumbali yanga kunabwera bambo anga enieniwo, atakwera minibasi kuchokera ku Majaua, fodya ali kukhutu. Mai Firimina anaitanidwanso, ndipo anafika atalusa.

"Ine ndinkaona ngati kasitomala wadyera chabe," anatero. "Kenaka ayamba kusankha mapepala, kunong'ona, mpaka kufuna kunyumba kwanga! Dzina langa laipa msika wonse. Ndine wamasiye, inde, koma si wotola!"

Ndinaimirira n'kufotokoza zonse: kampu, malungo, chingwe cha mvula, mbuzi. Ndinafika mpaka poyerekeza mmene Malizani anakwezera mkondo. Kenaka ndinakhala pansi.

A Bonifasiyo anapukusa mutu. "Kunyado, mlamu wanga, ine milandu ya mabanja ndaweruza yambiri. Ena amanamizira mowa, ena Satana. Koma mbuzi, ndinu oyamba. Bodza muzilikonza kaye kunyumba."

"Si bodza, alamu! Mai Firimina akatenge bukulo, muone nokha!"

Anawakweza pa njinga ya hayala. Theka la ola limene tinadikira, palibe anandiyang'ana kupatula nkhuku. Atabwera anaponya pamphasa kachidutswa ka buku, kotsala masamba ochepa, ndipo Lusiya anakatola ine ndisanatambasule dzanja. Anatsegula apa, anatsegula apo, akuyerekeza ndi kope langa. Milomo inkayenda. Kenaka nkhope inayamba kumasuka.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "chimphona chilimodi. Mbuzinso ilimo."

"Ndiye munthuyu si wachimasomaso?" anafunsa a Bonifasiyo.

"Ayi. Ndi wopusa chabe."

Sindinayambe ndakondwerapo chonchija ndi mawu amenewo. Banja linali lapulumuka! Munthu wanzeru akanathokoza ankhoswe, kupepesa mai Firimina, n'kulowetsa makina m'nyumba. Koma ine maso anali pa kabukuko, mtima ukugunda ngati wa mwana wa Sitandade 4.

"Mai a Rosita, chonde, werengani tsamba lomaliza."

"Inu simuli bwino."

"Chonde! Zaka makumi atatu!"

Anausa moyo n'kutembenuza. "Malizani anakweza mkondo wake. Chimphona chinatsegula diso, ndipo mwadzidzidzi..."

"Pitirizani!"

"Lathera pomwepo."

"Sizingatheke! Tembenuzani!"

"Nditembenuze chiyani? Kumbuyoku n'kong'ambidwa kalekale. Koma dikirani, pansi apa pali zolemba za pensulo." Anasendeza bukulo kumaso, ndipo mapewa anayamba kugwedezeka. "Akuti: Bukuli ndi la Ernesto, Sitandade 4. Bambo anga ndi oipa, asuta nkhani yanga."

Abale anga! Mwa mabuku onse a m'dziko la Malawi, amene akanatha kulowa m'thumba la mai Firimina, linalowamo langa lomwe lija! Ndinanenepetsa onyamula katundu a pamalire, ndinaononga suti ya ukwati, ndinagona pa nsalu za eni, zonsezo kuti ndikafike pa "mwadzidzidzi" yemwe uja!

A Bonifasiyo anagwa pampando ndi phwete. Mai Firimina anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu. Ine ndinatembenukira kwa munthu mmodzi yekha padziko lapansi amene anagwirapo masamba amenewo.

"Bambo," ndinatero, "musanayatse, simunawerengeko ngakhale pang'ono? Palibe chimene mukukumbuka?"

Bambo anachotsa fodya kukhutu, n'kuyang'ana kumwamba nthawi yaitali.

"Ndikukumbuka," anatero.

Ndinagwada. "Nenani, bambo!"

"Pepala lake linali lofewa, silinkazima msanga. Mai Firimina, latsalali mukufuna kuchita nalo chiyani?"

Buku ukalikonda uziyamba kuwerenga kumapeto, makamaka ngati bambo ako amasuta.