A Kungani ndi Katapila wa ku Vubwi

Ku Sinda kunalibe chingwe chimene a Lazarus Sakala anachidutsa osachikoka. Kaya ndi matumba a thonje pa lole, kaya nkhuni panjinga, kaya nkhumba pangolo, iwo ankaima, kulowetsa chala kunsi kwa chingwe, kukoka, kenako n'kupukusa mutu ngati amva uthenga wa maliro.

"Kungani!" ankakuwa. "Apa mwamanga kapena mwangopempherera?"

N'chifukwa chake ankatchedwa a Kungani, moti ena dzina lawo lenileni anakalimvera kumanda. Tsiku lina anaimitsa mayi wobereka mwana pamsika. "Mayi, mwanayu mukufuna akafike ku Katete kapena atsikire panjira?" Mayiyo anamasula chitenje n'kumanganso iwo akuyang'anira. Paukwati wa mwana wawo wamkazi, abusa atangonena kuti "chimene Mulungu wamanga", mpingo wonse unatembenuka kuona ngati a Kungani adzuke kukayesa.

Matendawa anawatenga kunjanji. Ankati anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu ku Kapiri, kumangirira akatapila pa mabogi athyathyathya a sitima.

"Katapila si thumba la nshawa," ankatero. "Alibe matayala, amayendera matcheni achitsulo. Chitsulo ukachiika pa chitsulo chinzake chimatsetsereka ngati mlamba m'manja. Sitima ikangogwedeza, mumakamupeza akulima m'munda wa eni."

Anthu ankafa nazo kuseka, kupatulapo munthu mmodzi: a Alick Daka.

A Daka ndiwo anali katswiri wopakira katundu pa Sinda a Sakala asanabwerere kumudzi. Ndi malegeni awo ndi chingwe cha khonje, lole iliyonse ya thonje inkadutsa m'manja mwawo. Koma a Kungani atangofika, madalaivala anayamba kachizolowezi koipa. A Daka akamaliza kumanga, thukuta lili kamukamu, dalaivala ankasuzumira pawindo n'kunena kuti, "Zikomo atate, koma a Sakala aoneko kaye."

Mawu amenewo ankawalasa a Daka mpaka m'chiwindi.

"Munthu ameneyu ndi wabodza," ankauza akazi awo, a Clementina. "Ku Sinda kuno kuli njanji? Aliyense angathe kunena kuti anamangapo katapila. Inenso ndinamangapo ndege."

"Nanga bwanji simumanga chitseko cha khola, abambo a Lloyd?" ankayankha a Clementina. "Mbuzi za a Sakala sizinagonepo kunja."

"Zimagona bwanji kunja poti ndi akaidi? Mbuzi yomangidwa mbali zinayi!"

Chaka china kunabwera chimphepo cha mvula yoyamba. Madenga anauluka mudzi wonse, la a Sakala lokha ndilo linangoti nganganga. Denga la a Daka linauluka lonse lathunthu, ndipo mwa malo onse a pansi pano linakasankha kutera pabwalo pa a Sakala. A Daka atapita kukalitenga, analipeza litamangiriridwa kale kumtengo wa mango ndi matcheni awiri opingasa.

"Ndinaopa kuti lingapitirire ulendo," anatero a Kungani mwaulemu. "Tiyi mumwa?"

A Daka anatha mlungu osadutsa njira imeneyo.

Ndiye kunabwera nkhani ya katapila. Kampani ina itamaliza kukonza msewu wa ku Vubwi, inafuna kutumiza chimakina chake chokumbira pa sitima kuchokera ku Chipata. Akapitawo ake, mayi Scholastica Mvula, anali atamva mbiri ya a Kungani kwa madalaivala, ndipo anabwera okha ndi galimoto kudzawatenga. Anthu anadzadza pamsika. A Daka anaima kumbuyo kwenikweni, manja m'thumba, akunamizira kuyang'ana tomato.

"Ndipita," anatero a Sakala, "koma mkonowu unatha mphamvu. Ndikufuna munthu wodziwa kukoka. A Daka, tiyeni."

A Daka anafuna kukana, koma kamtima kena kanawanong'oneza kuti: lero bodza lithera pomwepo, ndipo iwe udzaona ndi maso ako. Anakwera.

Ku Chipata anachipeza chimakinacho chili poteropo, chachikasu, chachikulu ngati tchalitchi, mkono wake utaloza kumwamba. A Daka anayembekeza kuti mnzawoyo ayamba chibwibwi. Koma nkhalambayo inangovula jekete n'kusanduka munthu wina. Inayalitsa matabwa pabogi. Inaima kutsogolo n'kumakodola woyendetsa ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono, mpaka chimakina chinakhala pakati penipeni, mbali iyi ndi iyo kutsala mpata wofanana. Inalamula kuti mkono upindidwe, chikhasu chake chigone pansi, chimutu chikhomedwe kuti chisazungulire panjira. Inakhomeretsa zipika kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali mwa mapazi ake. Inayeza ndi ndodo kutalika kwake, kuopa milatho. Kenako inatulutsa matcheni ake akale m'thumba la feteleza.

"Opingasa, a Daka! La kumanja lipite kumanzere. Kungani!"

A Daka ankakoka chitsulo chokungira mano ali gwa. Mtima unkawawawa kuposa msana. Munthu uja sankanama. Zaka zonsezo sankanama ngakhale pang'ono!

A Daka akukunga tcheni lachinayi, diso lawo linagwera pa mphete imodzi. Inali ndi mng'alu, waung'ono ngati tsitsi. A Sakala anali atadutsa pomwepo kawiri, kugogoda ndi hamala, osauona. Maso anali atayamba kuchita nkhungu, ngakhale mwini wake sankavomera.

A Daka anasiya kukoka. Anaona m'maganizo mwawo tcheni likuduka, uthenga ukufika pa Sinda, madalaivala akubwera kwa iwo zipewa zili m'manja. Zinali zokoma ngati uchi. Kenako anaonanso njanji ikudutsa m'midzi, amayi akugulitsa nthochi m'mbali mwake, ndi chimakina chija chikupendekeka. Mayi Mvula anali atatulutsa kale cholembera kuti asaine kuti zonse zili bwino.

"A Sakala," anatero a Daka, mawu akutuluka ngati akuzula dzino. "Tabwerani kuno."

A Kungani anagwada, napapasa mpheteyo ndi chikhadabo. A Daka anakonzeka kumva zifukwa. Koma nkhalambayo inadzuka, n'kuvula chipewa pamaso pa anthu onse.

"Amayi, musasaine. Ine ndinalakwa, sindinaone. Bambo awa apulumutsa katapila wanu, ndi anthu amene sitidzawadziwa."

Anasintha tcheni. Pobwerera, a Kungani anaimitsa galimoto pa Katete kuti auze anthu a pasiteshoni ya basi zimene a Daka anachita. Pa Sinda anauza msika wonse. Lamlungu anaimirira m'tchalitchi n'kuuzanso mpingo, mng'alu uja utakula kale ngati chala.

A Daka anafika kunyumba nkhope ili ndwii.

"Nanga chavutanso n'chiyani?" anafunsa a Clementina. "Si akutamandani mudzi wonse?"

"Ndiye vuto lake limenelo! Ine ndikanakhala iye ndikanakana mpaka mawa. Munthu ameneyu ngakhale kulakwa kwenikweniko amalakwa bwino kundiposa!"

Kuyambira pamenepo awiriwa ankakhala limodzi pansi pa mtengo wa pamsika, kukangana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Maso a a Sakala atatheratu, a Daka ndiwo ankawagwira dzanja kuwaolotsa msewu waukulu, akung'ung'udza njira yonse kuti ngakhale ndodo ya mnzawoyo inali yowongoka kuposa yawo.

A Kungani anamwalira chaka chatha, nthawi yokolola thonje. Pamaliro panabwera malole ochokera ku Petauke, ku Chadiza, ena mpaka ku Mchinji, anandanda m'mbali mwa msewu ngati kuli msonkhano. A Daka anawayang'ana kuyambira koyamba mpaka kothera.

"Pa anga padzabwera ngolo imodzi," ananong'oneza akazi awo. "Ya ng'ombe yotsimphina." Atatero anatembenukira kuchipupa, mapewa akugwedezeka.

Masiku ano pa Sinda katundu amapakidwa mwakachetechete. Minibasi zimanyamuka msanga, ndipo m'mbali mwa msewu wa ku Katete anthu ayamba kutola zidebe, makabichi, tsiku lina mpaka matiresi. A Daka amapitabe pamsika, koma dzuwa likangofika pamutu amakhala atabwerera kale, n'kukhala pakhonde kuyang'ana kumsewu.

"Madalaivala akukufunani," anatero a Clementina tsiku lina. "Akuti kulibenso wina wodziwa kumanga ngati inu. Si zimene munkafuna?"

A Daka anakanda kumutu, nayang'ana manja awo.

"Kumanga ndimangabe, amake Lloyd," anatero. "Koma ndikamanga bwino, ndipsetse mtima ndani?"