Mbuzi Zisanu ndi Zinayi ndi Mizere Yobisika

Lolemba

Kutentha kwafika poti laputopu ndikuiika pa njerwa ziwiri kuti ipume.

Ntchito ya sabata ino ndi yochepa. Gulu lathu lopatsirana mbuzi kuno kwa Maseya lili ndi mabanja makumi anayi. Lamulo lake n'losavuta: ukalandira mbuzi, ikabereka mwana wamkazi, umapatsa mnzako amene sanalandire. Ana a mbuzi asanu ndi anayi akula, Lachitatu tigawa. Mlembi ndine. Anandisankha chifukwa ndine mphunzitsi ndipo ndili ndi laputopu. Buku lakale analitaya, ati linali ndi abale. "Kompyuta ilibe mlamu," anatero mayi tcheya, anthu n'kuwomba m'manja.

Otsala osalandira ndi asanu ndi anayi ndendende. Amene adikira kwambiri ndi mayi Nsingano, amasiye. Khola lam'mwamba anamanga zaka ziwiri zapitazo monga gulu limafunira, ndipo mpaka lero mumagona nkhuku za eni.

Dongosolo:
1. Kusefa mndandanda kuti aoneke okhawo olembedwa "sanalandire".
2. Kukopera manambala a pakhutu a mbuzi kuchokera patsamba lina.
3. Kuwamata pambali pa mayinawo.
4. Kusamba.

Ndasefa. Mayina asanu ndi anayi, bwinobwino. Ndakopera. Ndamata. Manambala aoneka atatu okha! Enawo alowera kuti? Ndisanadzifunse kawiri, magetsi athima, ndipo batire ya laputopu iyi inamwalira kalekale.

Pa zinayi zija, chayenda bwino ndi kusamba.

Lachiwiri

Magetsi abwera. Fayilo inadzisunga yokha, mwana wabwino. Ndaika sefa ina: aoneke okhawo amene ali ndi nambala yatsopano ya mbuzi. Ndawerenga ndi chala pagalasi. Asanu ndi anayi! Ndiye kuti dzulo inangotopa ndi dzuwa.

Mayina sindinawerenge. Ndiwerengerenji? Naini ndi naini.

Kabaza mpaka pa boma kukasindikiza. Mayi tcheya adinda chidindo osayang'ana, magalasi awo anaiwala ku Ngabu kwa mwana wawo. Pepala talimata mu envulopu kuti wina asadzati zinatuluka msanga. Ndikudzimva ngati munthu wa muofesi.

Lachitatu

Ndachedwa kusukulu, ana akulemba mayeso. Ndafika pansi pa mtondo dzuwa lili pamutu. Mbuzi zonse zapita. Anthu atsala, ndipo onse akundiyang'ana ine.

Amene alandira, malinga ndi pepala langa:
- atatu oyenera
- anayi amene analandira kale chaka chatha
- a Malizani, amene tinawaika m'manda nthawi yokolola thonje
- a Zuze, mchimwene wa mkazi wanga

Mlamu wanga weniweni! Ali kale ndi mbuzi zitatu za gulu lomweli.

Akuti phokoso linalipo, koma mayi tcheya analidula. "Tinagwirizana kuti zimene yanena kompyuta sitikambirana." Mbuzi ya a Malizani atenga ana awo.

Mayi Nsingano akhala pa muzu wa mtengo, chingwe chatsopano chili m'manja. Sanakalipe. "Aphunzitsi, kapena dzina langa ndi lalitali, silinakwane m'makinamo?"

Ndayankha kuti ndikaona. Manyazi andigwira mpaka kumapazi.

Lachinayi

Ndachotsa masefa onse. Ndaona.

Ukasefa, anthu enawo sachoka, amangobisala. Mizere yawo imakhalapobe pakati pa imene ukuiona. Ndiye nditamata, manambala anangotsika motsatizana, mzere uwu, wotsatira, wotsatira, osafunsa kuti wooneka ndani, wobisika ndani. Atatu anagwera pa eni ake mwamwayi chabe. Yomaliza, imene inali ya mayi Nsingano, inagwera pa a Zuze.

Batani lobwezera m'mbuyo ndalidina kakhumi. Linafera limodzi ndi magetsi a Lolemba. Ndipo ngakhale likanagwira, batani silibweza mbuzi.

Ndaimbira mphunzitsi mnzanga wodziwa zinthuzi. "Posefedwa samata chiunjikire, achimwene. Analipo angati manambalawo?" Ndati naini. Waseka mpaka foni yadula. Kulemba ndi zala mmodzimmodzi kukanatenga mphindi ziwiri.

Madzulo komiti. Ndanyamula laputopu kuti aone okha. Ndafotokoza za mizere yobisika, ndipo apa ndi pamene ndadzikumbira dzenje.

A Semba, wachiwiri kwa tcheya: "Ndiye munabisa anthu? Munawabisiranji?"

Ndati sefa ndiyo imabisa.

"Nkhabe, ayi! Sefayo inadziika yokha? Nanga mwa obisika onsewo, bwanji yasankha mlamu wanu?"

Funso labwino. Ndatseka laputopu.

Lachisanu

Tsiku lolondola mbuzi. Kabaza tsiku lonse, fumbi mpaka m'makutu.

Zotsatira:
- Awiri abweza popanda mkangano. Maso okha.
- Mmodzi wabweza, koma wandiyendetsa kaye m'dimba lake lonse kundionetsa nyemba.
- Mmodzi anali ataiwolotsa kale Shire kupita nayo kwa mkazi wamng'ono. Yabwerera pa bwato, ikulira njira yonse.
- Ana a malemu Malizani: "Timati bambo atikumbukira." Abweza. Ine ndatuluka pakhomopo ngati wakuba.

Zisanu zafika kwa eni ake. Yatsala imodzi.

A Zuze ndawapeza pa mpando wandalema, mbuzi ili pambali, aimanga ndi chingwe chachifupi ngati ithawa ndi ine. "Mlamu, ine ndinapempha? Pepala lili ndi chidindo. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno." Ndanena za mayi Nsingano. Ati Mulungu awakumbukira ulendo wina. Andipatsa thobwa. Ndamwa, ludzu silidziwa mkangano.

Loweruka

Komiti yagamula:
1. Kompyuta sinalakwe, inangomvera mwini wake.
2. Pepala lodinda silingafufutidwe, chifukwa mawa aliyense adzafuna kufufuta lake. Amene abweza, abweza mwaufulu wawo.
3. A Zuze asunge mbuzi.
4. Mayi Nsingano adikire mbuzi zina zibereke.
5. Mlembi apitirize, popeza palibe wina wa laputopu.

Kudikira kumeneko ndi mvula yonse ndi kupitirira. Mayi Nsingano sanabwere ku msonkhano. Akuti dzulo anathamangitsa nkhuku m'khola n'kusesamo, atamva kuti mbuzi zikubwezedwa.

Kunyumba ndamufotokozera mkazi wanga zonse. Pomaliza wati, "Achimwene anga simungawathe, ine ndinakula nawo. Koma kuseriku tili ndi yaikazi imodzi." Imodzi yomweyo, yogula ndekha, si ya gulu ayi. Ndinali ndi mapulani nayo. Ndaiyang'ana nthawi yaitali. Iyo imangodya makoko a nthochi.

Lamulungu

Titatuluka m'tchalitchi ndaikoka mpaka kwa mayi Nsingano. Mbuzi siifuna kuyenda, ine sindikufuna kuyenda, dzuwa lili pa ntchito yake.

Ayang'ana mbuzi, ayang'ana khutu lake. Palibe nambala. "Pepala lili kuti, aphunzitsi?"

Ndati ndi yanga, ndikuwapatsa ndekha.

"Takhuta, zikomo. Koma ikalowa m'khola la gulu yopanda pepala, mawa adzati ndinaba. Ine ndilibe mlamu wondiimira."

Ndati ndilembe ndi bolopeni pompano. Akana. Akufuna la kompyuta, la chidindo, ngati la anzawo.

Ndiye ndabwerera kunyumba, ndayatsa laputopu, ndalemba dzina limodzi pa mzere umodzi, ndi zala, popanda sefa. Ndaliwerenga katatu. Kosindikizira pa boma satsegula Lamulungu.

Ndapitanso kukawauza. Mbuzi aimanga pa mtengo wa mpanda, panja pa khola. Aiikira madzi m'beseni ndi masamba ambiri kuposa amene inadyapo kwa ine. Khomo la khola ndi lotseka. Si yanganso, ndipo sinakhale yawo.

Ndapepesa kuti pepala lifika mawa.

"Musavutike, aphunzitsi. Zaka ziwiri ndadikira. Tsiku limodzi si kanthu."

Andipatsa madzi akumwa. Ndabwerera wapansi, kabaza sindinakwere. Mawa ndidzuka m'mamawa.