Masheya a Alamu Anga

Mpaka lero ndikamadutsa ku Chilomoni ndimayenda chowerama, ngakhale palibe amene anandiloza chala.

Achimwene atamwalira, kuntchito kwawo kunachokera kandalama. Inali nthawi ija matipate italowa kumene, msika wa masheya utangotsegulidwa m'tauni. Alamu anga, akazi a malemuwo, anandiitanitsa kwawo ku Chilomoni.

"Alamu, inu mumawerenga nyuzi. Ndalamayi ndi ya sukulu ya ana. Ndiisunge pati?"

Ine (kalaliki wamba, koma wovala tayi ngakhale Loweruka) ndinati tigule masheya. M'nyuzimo, pambali pa dzina la kampani iliyonse pankakhala kanambala. Ina inali ndi 6, ina 30. Sindinafunse munthu. Ndinangoti amenewa ndi malikisi, ngati a mayeso.

"Ya sikisiyi yalephera," ndinawauza motsimikiza. "Tigule yakhozayi."

Tinathira ndalama yonse.

Patapita miyezi ndinawatenga kuti akadzimvere okha ku ofesi yogulitsa masheya. Ndinalowa modzimva, n'kufunsa bambo wa padesiki ngati kampani yathu idakali nambala wani m'kalasi.

Bamboyo anavula magalasi. "Akulu, amenewo si malikisi. Timatenga mtengo wa sheya imodzi n'kuugawa ndi phindu limene sheyayo yapanga pachaka. Ikatuluka 30, ndiye kuti mwalipiriratu phindu la zaka makumi atatu. Ena amalolera poyembekeza kuti phindu likula. Koma kampani yanuyi phindu latsika, mtengonso wagwa."

"Zaka makumi atatu?" anafunsa alamu motsitsa mawu. "Mwana wamkulu ali Folomu 2."

Ndinatsokomola, ndinamasula tayi, kenako (apa ndiye ndimadzida) ndinati, "Ndiye tisinthe, tigule ya sikisi ija!"

"Mwaifufuza? Mwina yatchipa chifukwa ikudwala," anatero bamboyo. "Nambala yokha siulula zonse."

Tinakwera minibasi kubwerera ku Chilomoni. Titatsika ndinayamba kupepesa, koma alamu anandidula.

"Munkafuna kutithandiza. Tiyeni mukamwe tiyi."

Bola akanandilalatira.

Fizi ya mwanayo ndinalipira ndine mpaka anamaliza. Minibasi ndinaisiya, ndinkayenda wapansi kuchoka ku Zingwangwa kupita kuntchito, mvula ndi dzuwa lomwe.

Masiku ano munthu akandifunsa za ndalama ndimayankha kuti sindikudziwa. Tsoka lake, pakamwa sipathera pomwepo. Ndimangodzimva ndikupitiriza: "Koma mmene ndikuonera ineyo..."