Bambo Lazaro ndi Masorry Awo

Ku Swords, tauni ya kuno kwa Azungu kumene tinkakhala ife obwera kudzagwira ntchito, kunkamveka mphekesera yoti malemu bambo Lazaro Chimphepo sankadziwa kuwerenga, kuti chibuku chija ankangochipanira m'khwapa pofuna kufanana ndi ana a sikolashipu. Bodza limenelo. Ife amene tinathawa sukulu sitandade faifi timadziwana, ndipo iwo sanali m'gulu lathu.

Bukulo analitola pansi pa mpando, poti ntchito yawo inali yosesa m'ndege pa eyapoti. Inali nthano ya ku Spain yomasuliridwa m'Chingerezi, yonenepa ngati njerwa, chikuto chitathothoka. Analiwerenga zaka zinayi, koma ukafunsa kuti nkhani ikuti chiyani, ankangoti, "Kaya, anthu akungokwatirana n'kumafa." Iwo ankasakamo liwu limodzi lokha: sorry. Akalipeza, cholembera chofiira khwaa!

M'basi ya ku eyapoti ankakugwira pamkono. "Achimwene, taonani. Uyu ndi sorry wa munthu woponda mnzake phazi. Uyu wa pamaliro. Uyu wa mbala itagwidwa, alibe ntchito."

"Nanga mwadula mizere iwiriyu?"

"Wa mkazi amene akupita osabwereranso. Woopsa ameneyo."

Tsiku lina titatuluka Misa, mayi Ursula, nesi wa ku Blanchardstown, anawaputa: "Bambo, PhD yanuyi muimaliza liti?"

"Azungu akadzasiya kupepesa zitseko," anayankha. Anali ataona mkulu wina akuuza chitseko cha basi kuti sorry, chitamupana chikhotho.

Tinkaseka, koma chifukwa chake tinkachidziwa. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Miriam, anakwatiwa ndi mnyamata wa konkuno, wa ku Tallaght, popanda ankhoswe. Bambo Lazaro anakana kupita ku ukwati, nanena pagulu kuti, "Ine ndilibe mwana." Mawuwo anawadya okha. Koma kwathu wamkulu sapepesa mwana, amangomuitanira chakudya, ndipo Miriam sankayankhanso foni. "Pepa" linkawakanirira pakhosi. Ndiye anaganiza kuti m'Chingerezi, mmene eni dziko amawaza sorry ngati mchere, mwina n'kopepuka. Ankafuna sorry wa bambo kwa mwana wake, kuti amukopere. Buku lonselo, nkhondo, maukwati, ansembe, analibemo.

Mtima unawaima m'mawa wina wa Novembala 2006, akudikira basi. Pa maliro Miriam anabwera, atanyamula khanda limene agogo ake sanaligwirepo. Mayi Ursula anamupatsa bukulo. Miriam anatsegula: kufiira. Anatsegulanso: kufiira. Patsamba lomaliza lopanda zolemba panali dzina lake, "Miriam," ndipo pansi pake mbee. Analikumbatira nati, m'Chichewa chimene sitinamumve akulankhula chikulire, "Ndamva, ababa."

Masiku ano basi ya ku eyapoti imadzaza ngati kale, anthu akupondana n'kumapepesana, koma palibe wotiuza kuti uyu ndi weniweni, uyu ndi wa mbala. Mkono umafika ku ntchito osagwidwa ndi munthu.

Mphekesera ija inawafika bambo Lazaro akadali moyo. Mayi Ursula ndiwo anawafunsa maso ndi maso: "Bambo, akuti simudziwa kuwerenga. N'zoona?"

Anatseka bukulo, chala chili m'kati.

"Kawauzeni kuti kuwerenga ndimatha. Chimandikanika n'kupepesa."