Kona za Khitchini Yanga

Lolemba m'mawa
Dzuwa layamba kale kuwotcha, kamphepo zii. Njerwa zanga zapsa! Khitchini ndimanga ndekha. Bambo akuti, "Maziko akakhota, njerwazo ndipatsa Zuze amangire nkhumba." A Zuze ndi achimwene anga. Koma ine ndili ndi nzeru. Ndinaona amisiri kutchalitchi akuwongola kona ndi chingwe: mbali iyi mikono itatu, iyo inayi, yopingasa isanu. Thirayango yomwe ija ya sitandade sikisi!

Lachiwiri
Zofunika: zikhomo zitatu, chingwe, kulimba mtima. Chingwe ndaluka cha mlaza. Ndalowa kukamwa madzi, potuluka ndapeza mbuzi ikumeza mkono wachinayi.

Lachitatu
Ndapita kwa amisiri kukabwereka chingwe. Ndafika, ndagwada, moni ndapereka. "Tikuthandizeni chiyani, achemwali?" Manyazi andigwira, ndati ndimangodutsa. Mtunda wonse uja!

Lachinayi
Chingwe chatsopano: mphira ya njinga! Imeneyi mbuzi sidya. Kona zonse zinayi zatheka mosavuta. Ndakumba maziko mpaka msana kuwawa, ndikuyimba.

Lachisanu
Mayo! Mbali yakumbuyo yapitirira yakutsogolo ndi mapazi awiri. Mphira imatamuka, ukaikoka imangovomera chilichonse. Amayi akuti, "Mwanawe, ukumanga khitchini kapena bwato?" Ndakwirira mazikowo.

Loweruka
Ndamasula chingwe choyanikira zovala. Achimwene adzipereka kundithandiza, sindinathe kukana. Itatu ndi inayi ndayeza ndi mkono wanga, isanu ayeza ndi wawo. Mkono wawowo ndi nsungwi! Kona yayasamula ngati ng'ona pamchenga. Bambo aima, ayang'ana, atsokomola, kenako aitanitsa wilibala.

Lamulungu
Njerwa zapita, basi. Misozi pang'ono, kuseri kwa nkhokwe. Titabwera kutchalitchi achimwene andipeza, akukanda m'mutu. "Mlongo, paja kona imayamba bwanji?" Ndadula kandodo kamodzi koyezera mbali zonse zitatu. Itatu, inayi, isanu. Kona ya khola yakhala bwinobwino! Bambo aizungulira kawiri, afunsa amayi ngati dothi loumbira njerwa likadalipo pachulu. Ine sanandiyang'ane, koma ndamva.

Nkhumba zigona m'nyumba yowongoka kuposa yathu. Zikhale. Chikombole ndachiviika kale m'madzi, mawa ndiponda dothi.

Ndamaliza kulemba Lamulungu, 4 koloko madzulo.