Palibe Anandifunsa, Ndinaulula Ndekha

Mukamawerenga izi muzikumbukira chinthu chimodzi: palibe munthu mu London monse muno amene anandifunsa kanthu. Ndinadzigulitsa ndekha, masana dzuwa likuswa mtengo, nditavala suti ya kutchalitchi.

Zinayamba tsiku limene tinamaliza mayeso otsiriza. Tinapita ku paki kwathu ku Thamesmead, ndiye mnzanga Mabvuto, mwana wa ku Lusaka, anatulutsa kandudu ka chamba. Ndinakoka kamodzi. Kamodzi kokha anthuni, ndipo ndinatsokomola mpaka abakha a padamu paja anasamuka. (Mpaka lero sanabwerere, pitani mukaone.) Ine ndinati basi, nkhani yathera pompa.

Patapita masabata atatu ntchito inali isanapezeke. Amayi anga, omwe ndi nesi ndipo akhala m'mawodi kuyambira ine ndisanamere mano, anati ndikalembetse benefiti ya anthu ofuna ntchito. Madzulo ake pa TV ankakambirana zoti olandira mabenefiti aziyezedwa ngati amagwiritsa ntchito mankhwala osokoneza bongo. Amayi anakweza voliyumu. Amayi anga sakweza voliyumu, amati imadya magetsi.

"Achita bwino," anatero, maso ali pa TV. "Mkodzo sunama. Paja iwe ukupita Lachinayi, eti?"

Thukuta linatuluka ngakhale m'makutu. Benefiti ikanatha kupita, ndinalibe nayo ntchito. Chimene ndinkaopa n'choti amayi amve. Mayi amene ananyamuka ku Dedza ndi sutikesi imodzi kuti ine ndiphunzire, amve kwa mzungu kuti mwana wawo ndi wachamba.

Ndinamuimbira Mabvuto.

"Iwe, bazakugwira," anatero. "Chija chimankala mutupi myezi sikisi. Imwa manzi maningi. Koma usataye. Bakakupasa botolo iwe wakangiwa kukodza, bazaziba ati uli na mulandu."

(Mabvuto analephera sayansi kawiri. Ine ndinamumvera.)

Lachinayi m'mawa ndinayamba kumwa madzi, osapita kuchimbudzi. Kapu, kapu ina, jagi, jagi ina. Mtsinje wa Thames unatsika ndithu, anthu a maboti anadandaula. Ndikuti ndizituluka, ndinangoona amayi atavala mpango, chikwama kukhwapa.

"Ndikuperekeza. Ndipo kavale suti. Ku ofesi ya boma supita ngati ukukagula tchipisi."

Tili pasiteji ya basi analowa m'shopu n'kutuluka ndi chibotolo cha madzi chachikulu ngati khanda.

"Ndaona uli ndi ludzu lero. Imwa, mwanangu."

Ndinamwa. Ndikanakana bwanji? Basi ya ku Woolwich ija sindinkadziwa kuti imadutsa mahampu mazana asanu ndi awiri. Lililonse ndinalimva, ndipo lililonse ndinalipatsa dzina.

Mu ofesimo tinadikira zaka zinayi. Miyendo ndinaipinga, ndinaipingulula, ndinaimba nyimbo zonse za kwaya chamumtima. Kenako anandiitana kwa mayi wina wachizungu wa magalasi. Amayi anakhala pambali panga, manja pachikwama. Mzunguyo anandifunsa dzina, adiresi, sukulu. Ndinayankha ndi mawu a mwana wa zaka zisanu. Ndiyeno mayi uja anawerama n'kutsegula dirowa.

Ndinati basi, botolo lija likutuluka.

"Ndinakoka kamodzi kokha," ndinatero m'Chingerezi changa chonse. "Utsi wake sindinameze. Chinali cha Mabvuto. Ingondipatsani botololo msanga, chonde, sindingathenso."

Mayi uja anaweramuka. M'manja anali ndi cholembera.

"Botolo lanji?"

"La mkodzo."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kuyang'ana amayi, n'kuyang'ananso suti.

"Kuno sitiyeza munthu. Zimene zija akuluakulu akungokambirana. Sainani apa."

Ndinasaina. Ndinkadikira chiphaliwali chochokera kumanzere kwanga. Sichinabwere. Amayi ankakonza mpango wawo ngati ali pa ukwati. Anathokoza mayi uja mwaulemu, anafunsa za chimbudzi, anauzidwa kuti ndi cha ogwira ntchito okha, n'kuthokozanso.

Panja ndinayamba: "Amayi, ndifotokoze..."

"Jekete lako la tsiku lija ndinachapa ndine. Fungo limenelo ndimakumana nalo kuwodi sabata iliyonse."

"Ndiye munkadziwa? Masabata atatu onsewa?"

"Ndimadikira kuti uneneko wekha."

"Nanga zoti sayeza, munkadziwanso?"

"Ine ndinati mkodzo sunama. Ndanama?"

Anthuni, ndinaima pamsewu pakamwa pali yasa. Mayi ameneyu sanakweze mawu, sanafunse funso, sanasanthule m'matumba. Anangokweza voliyumu n'kundigulira madzi. Apolisi a dziko lino amawononga nthawi ndi agalu.

"Chimbudzi chili kuseri kwa msika," anatero. "Tiye."

Apa m'pamene ndinadziwa kuti mlandu unali usanathe. Mwana wa Mmalawi sapitirira wamkulu osapereka moni, kaya ku Dedza kaya ku Woolwich. Ndipo amayi anga, amene amayenda ngati ambulansi, tsiku limenelo ankayenda ngati mkwatibwi. Pa nsomba tinakumana ndi Anti a Nabanda a kutchalitchi kwathu.

"Apatse moni azakhali ako bwinobwino. Osati za hayi zakozo."

Manja pamodzi, mawondo pansi pang'ono. Yesani kupinda mawondo muli ndi nyanja m'mimba.

"Mwaswera bwanji, Anti?"

"Ndaswera, kaya iwe bambo? Mayeso anayenda? Nanga agogo kumudzi? Mwendo uja unapola?"

Amayi anayankha za mwendowo kuyambira pachala mpaka m'chiuno. Pa matimati panali anti ena. Pa zitenje, ena awiri, ongoweruka kumene kosamalira okalamba, nkhani zili tho. Mmodzi anandigwira dzanja osalisiya.

"Koma mwalera, mayi. Taonani mmene akunjenjemerera polankhula ndi akulu. Ana a kuno satero."

"Ndi chisomo chabe," anatero amayi.

Kuchimbudzi ndinafika. Sindinena kuti zonse zinafika nane. Suti ija inapita kochapitsa, ndipo Lamlungu ndinapemphera nditavala jinzi, amayi n'kumauza anthu kuti suti yandithina.

Za chamba sanazitchulenso mpaka lero. Mabvuto atatulutsanso kandudu mwezi wotsatira, ndinasamuka ngati abakha aja. Iye anaseka, amvekere, "Iwe, boma siyeza." Ndinamuuza kuti za boma ine sindikuziwerengera. Boma limafuna lamulo, botolo ndi makina. Kwathu kuli munthu amene amangofuna rimoti.