Wayilesi Yamanyazi ya a Zebedee

Ku Katawa ngakhale mlendo ankadziwa kuti wayilesi ya a Zebedee Longwe sizima. Mkuluyu anali wosita zovala, ndipo pakhonde pake wayilesi inkangolira pambali pa simbi yamakala. Ankatchera siteshoni ya kukampu ya asilikali achizungu, pachilumba china pakati pa nyanja yamchere, kumene mwana wawo Jasper anapita kukagwira ntchito yophika n'kungoti zii. Ankadikira kuti tsiku lina mwanayo adzapereka moni pawayilesipo. Mawu a siteshoniyo ankafika ngati mvula ya ku Mzuzu, kuwaza, kuleka, kuwazanso.

Koma kuitchera khutu, ayi. "Wayilesi ili ndi manyazi," ankatero. "Ukaiyang'ana imangoimba. Uthenga umabwera manja ali pantchito."

Ikalira nyimbo ya perete, thalauza linkatuluka ndi mzere woti n'kudzicheka nawo. Ikayamba yachifatse, maso awo ankapita kutali, kumene ankamuona Jasper atavala zoyera, akusenda mbatata pansi pa migwalangwa. Simbi nayo inkaima. Ndi mmene a Overtoun, mphunzitsi wa ku Katoto, anapezera chidindo cha simbi kumsana kwa shati lawo la kutchalitchi.

"Mwanditentha, adada."

"Phepani chomene, aticha. Ndinali kuchilumba."

Tsiku lina anyamata a chipani anafika nkhope zili gwa. "Mukumvera zakunja chifukwa chiyani?"

"Ine kumvera? Ndikusita. Vulani malayawo, akwinyika chomene."

Anachoka malaya ositidwa akuwala, akuti yewo.

Mkazi wa a Zebedee, a Keziya, ndiwo ankatopa nazo, makamaka poyanika mabatire padzuwa kuti abwerere mphamvu. "Mwanayo anatiiwala," ankadandaula. "Zimitsani, mutu upumeko."

"Sanaiwale, a Keziya. Nyanjayo ndi yaikulu."

A Zebedee anatisiya m'nyengo yozizira, nkhungu itakuta Katawa yense, moni uja usanafike. Maliro atatha pakhonde panali chete, chete wopweteka. Odutsa ankachepetsa liwiro osadziwa chimene akufuna, ndipo a Overtoun anayamba kuvala shati lopsa lija osaikapo jekete. A Zebedee tinawasowa kwambiri.

Kenaka mmawa wina kaphokoso kaja kanamvekanso, kuwaza, kuleka. Wayilesi inali pamalo pake. A Keziya anali atayifulatira, akusesa pabwalo pamene anali atasesa kale.